Ba Corgan, ng'oma za ba Jimmy munaziika kuti?

Pali ma album ena amene ukangowatchula pakati pa anthu okonda rock, nkhope zimasintha monga wakumbutsa munthu nkhongole. Cyr ya The Smashing Pumpkins ni imodzi mwa iwo. Inatuluka pa 27 November 2020, nthawi ija tonse tinali kuyenda na nsalu kukamwa, ndipo mpaka lelo ma fans a gulu ili sanagwilizane ngati aikhululukile kapena aiiwale chabe. Mlandu wake, malinga na ambili, ni umodzi: magitala anasowa, m'malo mwake munadzala synthesizer. Sabata ino nifuna tiuzengenso mlandu uyu, chifukwa ine niona monga munthu anagwidwa ni woyenela, koma pa pepala la mlandu analembapo zina.

Poyamba tithandize aja amene akuti "Smashing chani?" Ili ni gulu la ku Chicago, ku America, linayamba mu 1988. Anali anayi: Billy Corgan woimba komanso wa gitala, James Iha wa gitala, D'arcy Wretzky wa bass, na Jimmy Chamberlin pa ng'oma. Mu 1993 anatulutsa Siamese Dream, mu 1995 Mellon Collie and the Infinite Sadness, ndipo ma album awili aya ndiye anawapanga kukhala limodzi mwa magulu akulu a rock a zaka zija. Chizindikilo chawo chinali gitala yonenepa, yosanjikizidwa. Ba Corgan anali kujambula gitala imodzi, pamwamba pake ina, pamwamba pake inanso, mpaka nyimbo imodzi ya "Soma" inanyamula zigawo za gitala pafupifupi 40. Ukaiika pa sipika yabwino umamva monga chipupa chikubwela kwa iwe. Mellon Collie inangena pa nambala 1 ku America, ndipo "Bullet with Butterfly Wings" inawapatsa Grammy. Olo simuwadziwa na dzina, nyimbo ya "1979" mwina munaimvapo pa wailesi kapena mu filimu ina yake.

Pambuyo pake zinachitika zimene zimachitika m'magulu ambili: mikangano, mankhwala, kuchotsana. Anasiya mu December 2000. Ba Corgan anaukitsa dzinali patapita zaka zingapo, koma kwa nthawi yaitali linali monga shopu yakale imene yasunga chikwangwani koma ogulitsa onse ni atsopano. Ndiye mu 2018 kunabwela nkhani yaikulu: Iha wabwela, Chamberlin alipo, atatu mwa anayi a poyamba ali pamodzi, kuphatikizapo Jeff Schroeder amene anali ataimbila gululi gitala kwa zaka zoposa 10. D'arcy sanabwele, anakangana na ba Corgan poyela, mameseji mpaka kufika pa intaneti. Gulu linazungulila America likuimba nyimbo zakale, show imodzi maola atatu. Anatulutsanso ka album ka nyimbo 8 chabe, kopangidwa na Rick Rubin. Anthu anati ici ni chiyambi, nsima yeniyeni ikubwela.

Nsima ija itabwela inali Cyr. Nyimbo 20, mphindi pafupifupi 72, producer ba Corgan eni ake. Choseketsa n'chakuti inatulukila ku Sumerian Records, kampani yodziwika na magulu a metal aja okuwa mpaka mitsempha ya pakhosi kuonekela. Munthu anaika CD akuyembekeza bingu, anapeza kiyibodi ikung'anima, beat yoongoka monga njanji, na mawu a azimayi awili akuyankha kumbuyo. Gulu la magitala atatu, koma kuti upeze gitala uyenela kuisakila monga nyama mu ndiwo za pa maliro.

Manje apa ife a kuno tifunika kumvetsa kuti chimene azungu aja analilila n'chani, chifukwa kwa ife kiyibodi si mdani. Nyimbo zambili zimene timavina pa weekend zinabadwila mu kompyuta, m'ka chipinda ka mnyamata mmodzi wokhala na mahedifoni. Ku kitchen party, ku ukwati, ku chalichi, munthu mmodzi na kiyibodi yake amagwila nchito ya anthu asanu ndipo palibe amadandaula. Koma kwa anthu a rock ya m'ma 1990 nkhani inali ya chikhulupililo. Mbadwo uja unadzuka ukukana nyimbo zosalala za m'ma 1980, ukuti nyimbo yeniyeni ni ya thukuta, chala pa waya, ndodo pa chikumba. Synthesizer, imene imapanga mawu kuchokela ku magetsi osati ku waya wogwedezeka, inali kuoneka monga chinyengo. So gulu la magitala likatenga synth, ma fans ena amamva monga m'busa wawo amupeza ku bar.

Koma apa ndiye pamene mlandu uja ukugwela. Amene akuti ba Corgan anagulitsa mwambo wa gulu sanawelenge mbiri ya gululo. The Smashing Pumpkins inayamba ilibe woimba ng'oma. Ma show oyambilila mu 1988 ba Corgan na Iha anali kuimba na drum machine, nyimbo zachisoni zotengela magulu a ku England monga The Cure na New Order. Chamberlin anangena chifukwa mwini wa Metro, malo oimbila a ku Chicago, anawauza kuti akafuna kuimba pamalo pake apeze munthu weniweni wa ng'oma. Kunena mwachidule, makina analipo gitala yonenepa ija isanabwele.

Ndipo sanachokepo. "1979" imene aliyense amaikonda ili na ka loop kamene kamazungulila pansi kuyambila poyamba mpaka pothela. "Eye", imene anapangila filimu ya David Lynch ya Lost Highway mu 1997, ni ya makina kuyambila kumutu mpaka kuphazi. Adore ya mu 1998 inadzala drum machine na piyano. Mu 2001 ba Corgan anakwela siteji na New Order monga woimba gitala wawo pa ma show angapo, anaimbanso pa nyimbo yawo ya "Turn My Way". Album yawo ya okha ya mu 2005, TheFutureEmbrace, nayonso ni ya magetsi. Munthu amene wakhala akuzembela ku nyumba imodzimodzi kwa zaka 30, tsiku limene wasamukilako na masutukesi simungati mwadabwa.

Ife a Zambia nkhani iyi tinaionapo pa khomo pathu. WITCH, gulu lathu la Zamrock la ku Copperbelt, m'ma 1970 linali la magitala aukali, Lazy Bones!! ya mu 1975 ni umboni. Ba Jagari Chanda atachoka, gulu linatembenuka, kiyibodi ya ba Patrick Mwondela inabwela kutsogolo, ndipo Movin' On ya mu 1980 na Kuomboka ya mu 1984 zinatuluka zili disco. Lelo ma album awili aja amafunidwa na ma DJ a kunja, anasindikizidwanso, ndipo ba Jagari na ba Mwondela akuimba pa siteji imodzi. So ine munthu akaniuza kuti gulu la rock likagwila synth ndiye kuti lafa, nimamufunsa ngati anamvelapo Kuomboka. Mwa njila, pa Cyr pali nyimbo yotchedwa "Wyttch", ndipo ndiyo ili na gitala yolemela kuposa zonse. Palibe ubale na WITCH yathu, koma nimaseka nikaiona.

Tikambe zabwino, chifukwa zilipo. "The Colour of Love", imene imatsegula album, ni nyimbo yothamanga bwino, bass ikukoka kutsogolo monga mwa New Order, ndipo ikanatuluka na dzina la gulu la anyamata atsopano anthu akanati awa afika patali. "Cyr" yeniyeni ni nyimbo yovina, yamdima pang'ono, yoyenela ola lija la usiku pamene DJ waona kuti otsala pa floor ni okhawo osafuna kupita kunyumba. "Ramona" ili na kolasi yomata, ukaimva kawili uzaipeza ikukuvutitsa mu minibus. "Birch Grove" ni yofatsa, ya munthu wamkulu amene wayamba kuwelenga zaka. "Anno Satana" na "Wyttch" ndizo zimakumbutsa kuti m'nyumba muno muli magitala. Ndipo "Minerva", yotsekela, ni yopepuka mosayembekezeka.

Chinthu china chimene anthu sanachiyamike mokwanila ni mawu a Katie Cole na Sierra Swan. Mawu a ba Corgan mumawadziwa, ni a m'mphuno, akuthwa, ena amawakonda ena amati ni udzudzu uli pa maikolofoni. Kale anali kubisala mkati mwa chipupa cha magitala. Pa Cyr chipupa palibe, mawu ali pa mtunda, ndipo azimayi awili aja ndiwo amawafewetsa, kuwayankha, nthawi zina kuwanyamula. Muwachotsemo, album iyi ingakhale youma monga buledi wa dzana.

Manje tifike pa mlandu weniweni. Jimmy Chamberlin.

Amene simumudziwa, uyu mudala anaphunzila ng'oma za jazz asanangene mu rock, ndipo ambili amamuika pakati pa oimba ng'oma abwino kwambili a mbadwo wake. Mvelani mmene "Cherub Rock" imayambila, ka roll ka snare kaja gitala isanalowe. Mvelani "Geek U.S.A." kapena "Jellybelly", mmene manja amathamangila koma osasokoneza. Mvelani "Tonight, Tonight", pamene pansi pa mavayolini onse aja pali ng'oma yoguba monga ya asilikali, ndipo ndiyo imapangitsa nyimbo kukwela phili. Chimene munthu wotele amachita si kusunga nthawi chabe. Amakankha beat pang'ono kutsogolo kolasi ikayandikila, amaibweza pang'ono vesi ikayamba, amamenya mwamphamvu apa, mopepuka apo. Ni zinthu zazing'ono zosaoneka pa pepala, koma thupi limazimva. Aliyense amene anaimililapo pafupi na ng'oma za Nyau kapena za chinamwali adziwa kuti woimba wabwino amakambitsana na wovina, samangowelenga.

Kompyuta nayo ili na njila yake. Mu studio ya masiku ano nyimbo imaikidwa pa mizele, kumenya kulikonse kumakokedwa kukhala pa mzele wake ndendende, ndipo synth imene ikubwelezabweleza manotsi imafuna kuti zonse zigwe pamalo amodzimodzi. Palibe cholakwa na izi. Nyimbo zovina zambili zimakoma chifukwa cha kuongoka komweko. Koma ukaika munthu monga Chamberlin m'kati mwa mizele ija, ukumupempha kuti achite chinthu chimene makina a mtengo wotsika angachite, ndipo ukumuletsa chinthu chimene iye yekha angachite. Pa Cyr dzina lake lilipo, ng'oma anaimba, koma pa nyimbo zambili mukaniuza kuti ni makina siningatsutse. Zili monga kuitana mayi wodziwa kuphika wa m'komboni yonse ku ukwati, kumulengeza kwa alendo, ndiye kumupatsa nchito yoyang'anila rice cooker.

Apa ndipo pali kusiyana na Adore, imene anthu amakonda kuiyelekeza na Cyr. Adore inali na chifukwa. Mu July 1996, gulu lili pa ulendo ku New York, Jonathan Melvoin amene anali kuwaimbila kiyibodi anamwalila na heroin, Chamberlin anali naye, ndipo gulu linamuchotsa. Chakumapeto kwa chaka chomwecho amayi a ba Corgan anamwalila, ukwati wawonso unali kutha. So pamene mumva drum machine pa Adore, mukumva mpando wopanda munthu. Kuzizila kwa makina kuja kunali mbali ya nkhani. Ma fans ambili anaikana mu 1998, inagulidwa mochepa kwambili poyelekeza na Mellon Collie, koma zaka zitapita ambili anabwelela n'kuvomela kuti munali mtima. Pa Cyr mpando uli na munthu. Wakhalapo, ndodo zili m'manja, ali bwino, wasiya zakale zija. Ndiye n'chifukwa chani tikumva monga palibe?

Za Iha nazonso n'chimodzimodzi, ngakhale kuti kwa iye si zachilendo kwenikweni. Ni nkhani yodziwika kuti ngakhale pa Siamese Dream ba Corgan anaimba okha zigawo zambili za gitala na bass. Koma kale Iha anali kulembako nyimbo, "Mayonaise" analemba pamodzi, ndipo pa Mellon Collie anaimbako na mawu ake. Pa Cyr nyimbo zonse 20 zinalembedwa na munthu mmodzi. Iha na Schroeder amamveka apa na apo monga anthu odutsa pa windo. Ndiye funso langa ni la malonda chabe, lopanda ukali: ngati munagulitsa matikiti na nkhani yakuti banja labwelelana, n'chifukwa chani album yaikulu yoyamba ya banjalo ikumveka monga ya munthu mmodzi ali yekha na laputopu? Ikanatuluka na dzina la William Patrick Corgan, monga ma album awo a okha a mu 2017 na 2019, theka la mkangano uyu sukanakhalapo.

Mlandu wachiwili ni utali. Mphindi 72, abale. Ni kuchoka mu town kupita ku Kafue, kutsika, album ikali kulila. Ena azati Mellon Collie inali na nyimbo 28, maola awili, ndipo palibe anadandaula. Zoona. Koma Mellon Collie inali monga msika wa Soweto: apa piyano, apo metal yokuwa, uko nyimbo yogonekela mwana, uko ya mphindi 9 yosokonekela. Sunali kudziwa chikubwela. Cyr ni shelufu imodzi ya mu supermarket, mabotolo 20 ofanana, kusiyana ma label. Pafupifupi nyimbo zonse ni za mphindi zitatu kapena zinayi, liwilo lofanana, kamangidwe kofanana, azimayi aja akulowa pamalo amodzimodzi. Ukafika pa nambala 13 kapena 14 sudziwanso ngati iyi unaimva kale. Nyimbo zabwino zimamila pakati pa zinzake zapakatikati, ndipo ici ndicho chimaniwawa, chifukwa ni zabwinodi.

Kale kunali anthu okana. Butch Vig anali mu studio pa Gish na Siamese Dream. Flood na Alan Moulder anali pa Mellon Collie. Rick Rubin mu 2018 anatulutsa nyimbo 8. Nchito ya producer si kutembenuza mabatani chabe, ni kuyang'ana mwini nyimbo m'maso n'kumuuza kuti iyi siinapse, isiye. Pa Cyr wolemba, woimba, producer na bwana wa gulu anali munthu mmodzi. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, koma ba Corgan denga anasenza, anawonjezelapo na la khichini. Olo maina a nyimbo amaonetsa kuti panalibe wowagwila dzanja: "Starrcraft", "Adrennalynne", "Schaudenfreud", "Wyttch". Sipelo yotele mwana wa Grade 7 angamenyedwe nayo.

Njila imene anaitulutsila nayonso siinathandize. Kuyambila August mpaka November 2020 anali kuponya nyimbo ziwiliziwili, mpaka 10 zinali kunja album isanafike, pamodzi na katuni ya zigawo zisanu yotchedwa In Ashes. Tsiku la album litakwana, zambili mwa zokoma anthu anali atadya kale, chotsala chinali kutsuka mbale.

Ba Corgan anakamba poyela chimene anali kufuna. Anatopa kuuzidwa kuti nyimbo zawo zimamveka zakale, anafuna kupanga chinthu cha nthawi ino. Ndipo kunena zoona nthawi anaiwelenga bwino. 2020 chinali chaka cha synth ya m'ma 1980. "Blinding Lights" ya The Weeknd inali paliponse, olo mu barbershop ya mu Kalingalinga. Dua Lipa anatulutsa Future Nostalgia mu March. Mwangozi, After Hours ya The Weeknd na Cyr zonse zili na nyimbo yotchedwa "Save Your Tears", chaka chimodzi, nyimbo zosiyana. Imodzi inazungulila dziko lonse, inayo muyenela kukhala fan weniweni kuti muidziwe. Kusiyana kwake si zaka za oimba. Ma album a achinyamata aja ali na bass imene imagunda pachifuwa na mipata yopumila, anapangidwa na magulu a ma producer amene nchito yawo yonse ni kupangitsa makina kuvina. Cyr ili pakati: yaongoka kwambili kuti ikhale rock, yauma kwambili kuti ikhale ya mu club. Ana sanabwele, ndipo akulu anakwiya. Pa ma chart a ku America inathela kutali na pamwamba pamene gulu ili linazolowela kukhala.

Koma na imwe ma fans musaseke, mbali yanu ilipo. Ba Corgan anabadwa mu 1967. Pa Siamese Dream anali na zaka 26, osokonezeka mutu, gulu likufuna kupasuka, iwo akugona mu studio. Pa Cyr anali na zaka 53, bambo wa ana, mwini shopu ya tiyi kufupi na Chicago, komanso mwini kampani ya wrestling ya National Wrestling Alliance, imene anagula mu 2017. Shuwa, wrestling. Mufuna munthu uyu akuwe za ukali wa unyamata monga akali kukhala m'ka chipinda ka lendi? Akachita zimenezo muzati akunamizila. Akasintha muti wagulitsa. Chimene ambili timafuna tikamapempha "sound yakale" si gitala iyayi, ni mawondo athu akale, tsitsi lathu lakale, na mtsikana uja anatibweleka kaseti. Izo palibe producer angazibweze. Ine ufulu wa mudala kuyesa chinthu china nimauteteza, ndipo niona bwino gulu lolakwitsa likuyesa kusiyana na gulu lokhala photocopy ya lokha. Chimene nikana ni kuyesa uku mwakhazika pansi anthu amene akanapangitsa kuyesako kukhala kwamoyo. Tangoganizani Cyr yomweyi, synth zomwezi, koma Chamberlin atamasulidwa kuti alimbane nazo, azikankhe, azisokoneze pang'ono. New Order yomwe ba Corgan amaikonda inachita zimenezo kuyambila kale: makina mbali iyi, Stephen Morris na ndodo zake mbali iyo, bass ya Peter Hook ikulila pamwamba monga gitala. Kukoma kunali pa kukangana kwa munthu na makina.

Zimene zinatsatila mwina mwazimva. Ba Corgan sanabwelele m'mbuyo msanga, anawonjezela moto: Atum, nyimbo 33 m'zigawo zitatu, kuyambila 2022 mpaka 2023, synth zikali zambili ngakhale magitala anayamba kubwelako. Schroeder anachoka mu 2023. Gulu linaitana aliyense wofuna kuyesa mwayi pa gitala, anthu oposa 10,000 anatumiza, anasankha Kiki Wong. Ndiye mu August 2024 kunatuluka Aghori Mhori Mei: nyimbo 10, mphindi pafupifupi 45, magitala kutsogolo, ndipo ng'oma zikumveka kuti pali munthu akutuluka thukuta. Ambili anati aha, abwelela ku nzelu. Ine nimati onani bwino chimene chinasintha. Kiyibodi ikalimo mu album ija. Chimene chinabwela ni lumo lodulila nyimbo zosafunika, na Jimmy.

Ngati bundle yanu ni ya mavuto ndipo mufuna kulawa Cyr osataya ola lathunthu, chitani izi. Tengani "The Colour of Love", "Cyr", "Dulcet in E", "Ramona", "Anno Satana", "Birch Grove", "Wyttch", "Purple Blood", "Black Forest, Black Hills" na "Minerva". Nyimbo 10, mphindi zosafika 40. Muimvele usiku, magetsi akapita, na mahedifoni osati ka sipika ka foni, chifukwa ka sipika kaja kazadya bass yonse n'kukusiyilani mphuno ya ba Corgan yokha. Mukatsiliza, ikani "Geek U.S.A." ya mu 1993, mumvele ng'oma zokha, mukumbuke kuti ni manja amodzimodzi.